Khoma linkang'aluka, koma mankhwala ake anali kudenga

Nyumba yanga ku Chitakale, m'boma la Mulanje, ndi ya njerwa zowotcha zomangira dothi, ndipo khoma lakumbuyo ndi lalitali, lopanda khoma lina lolichirikiza mkati. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, pakona panaoneka mng'alu wotsika kuchokera pamwamba, wolowa chala. Malata anali bwinobwino.

Ambiri ankati ndingomata simenti. Sindinavomere, chifukwa mphepo ikakankha khoma, mutu wa khomalo umatsamira denga, ndipo dengalo liyenera kupereka mphamvuyo ku makoma a m'mbali mpaka ku maziko. Kwanga matabwa a denga anangokhazikidwa pa njerwa, atamangidwa ndi kawaya kokoledwa mizere iwiri yokha ya njerwa. Dothi silingagwire waya wotero. Ukaukoka, njerwa imabwera nawo.

Tinasasula malata, n'kuchotsa mizere yapamwamba. Amisiri anathira ring beam ya konkire yokhala ndi zitsulo kuzungulira nyumba yonse, osaidula m'makona, ndipo tinamiziramo hoop iron (chitsulo chopyapyala ngati lamba) yomangira thirasi iliyonse (matabwa olumikizidwa onyamula denga). Kenaka tinakhoma matabwa opingasa pansi pa denga, kuchokera pakona kukafika pamsonga, kuti dengalo lisapotoke. Apa ndi pamene akalipentala ambiri amadumpha, eti poti malata agwira okha. Malata opyapyala amang'ambika pamisomali, sangadaliridwe pa ntchitoyi.

Pakati pa khoma lalitali lija tinamangapo chipilala cha njerwa ndi simenti. Mng'alu tinaumata pomaliza, zonse zitauma.