Bot ya malonda izigwira ntchito ngakhale magetsi athime

Anzanga, kuno ku Kasungu bot yanga (pulogalamu yomwe imagula ndi kugulitsa yokha pa intaneti) ndinkayendetsa pa laputopu, magetsi kungothima batire n'kutha basi nayo yaima, usiku wina ndinaluza nazo ndalama. Ndiye pezani VPS (kompyuta yobwereka pa intaneti yomwe imakhala yoyaka nthawi zonse) ya Ubuntu (mtundu wa Linux), mulowemo ndi SSH (njira yolowera mu kompyuta ina muli kutali), koma osangoyiyatsa botyo pa terminal (zenera lolembamo malamulo) ayi, mukatseka zeneralo imafa. M'malo mwake muipereke kwa systemd, pulogalamu yoyatsa ndi kuyang'anira mapulogalamu ena. Pangani fayilo /etc/systemd/system/bot.service, pansi pa [Service] mulembe ExecStart ndi njira yonse (path) ya pomwe pali python komanso ya fayilo ya bot yanuyo, muwonjezere Restart=always kuti ikagwa izidzuka yokha, pa [Install] muike WantedBy=multi-user.target. Mukatero lembani pa terminal sudo systemctl daemon-reload, kenako sudo systemctl enable --now bot. Mukafuna kuona zomwe ikuchita, journalctl -u bot -f.

Chonde API key yanu (kiyi yomwe bot imalowera nayo mu akaunti yanu ya malonda) isakhale ndi chilolezo chotapa ndalama, ndipo yambani kaye ndi tindalama tochepa.