Momwe mungasonkhetsere ndalama za kafukufuku wa shuga ya ana pothamanga London Marathon

Abale amene muli ku UK, mpikisano wa London Marathon umachitika mu April ndipo ndi wa makilomita 42.195. Mtunda umenewu miyendo imazolowera. Chimene chimasowetsa anthu tulo ndi ndalama, choncho yambani ndi zimenezo.

Choyamba, pezani malo. Kulowa kudzera m'maere n'kwa mwayi chifukwa ofuna amachuluka kwambiri kuposa malo. Njira yodalirika ndi kupempha ku bungwe lolimbana ndi matenda a shuga lomwe lili ndi malo akeake mumpikisanowu, monga Breakthrough T1D, lomwe mpaka 2024 linkatchedwa JDRF, kapena Diabetes UK. Adzakuuzani ndalama zomwe muyenera kulonjeza. Musavomere musanawerengere anthu amene angakupatsenidi.

Kenako tsegulani tsamba la pa intaneti losonkhetsera ndalama pa JustGiving kapena Enthuse, mufotokoze matendawo bwinobwino. Apa m'pofunika kudekha. Ambiri akamva za shuga amaganiza za munthu wamkulu, kapena amati mwanayo ankadya maswiti mopitirira. Shuga ya mtundu woyamba, yomwe ambiri amati shuga ya ana, siyamba choncho ayi. Chitetezo cha m'thupi chimawononga maselo a kapamba omwe amapanga insulin, yomwe imathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga, ndiye mwana amadalira jakisoni kapena pampu moyo wake wonse, n'kumayeza shuga usana ndi usiku. Insulin inapezeka ku Toronto mu 1921, ndipo mu 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anakhala woyamba kubayidwa. Padutsa zaka zoposa 100 koma mankhwala ochiziratu sanapezeke. Munthu akamvetsa zimenezi dzanja lake silivuta.

Akumbutseni opereka za Gift Aid. Amene amakhoma msonkho ku UK akachonga kabokosiko, boma limawonjezera 25p pa £1 iliyonse. Achibale a ku Lilongwe kapena ku Johannesburg asachonge, siziwakhudza.

Kuponya linki m'gulu la WhatsApp kokha sikukwanira. Mudzangolandira tizithunzi ta manja opemphera. Lemberani munthu aliyense payekha, makamaka kumapeto kwa mwezi atalandira. Gulitsani mandasi mukaweruka ku tchalitchi. Funsaninso kuntchito, chifukwa makampani ena amawonjezerapo pa zimene wantchito wasonkhetsa.

Kukonzekeretsa thupi kumafuna masabata osachepera 16, ndipo kumagwera m'miyezi yozizira komanso ya mdima. Onjezerani mtunda pang'onopang'ono mpaka mufike makilomita 30 kapena 32 kutatsala masabata atatu, kenako muchepetse. Nsapato zatsopano pa tsiku la mpikisano ayi. Ngati inuyo muli ndi shuga, kambiranani ndi dokotala wanu za insulin ndi chakudya musanayambe, ndipo muzinyamula glucose nthawi zonse.

Ngati makilomita 42 akuopsani, Great North Run ya ku Newcastle mu September ndi theka lake.

Mukamaliza pa The Mall, msewu wa ku London pomwe mpikisanowu umathera, musatseke tsamba msanga. Tumizani chithunzi cha mendulo tsiku lomwelo pamodzi ndi linki, chifukwa alipo ena amene amadikira kaye kuona ngati mwafikadi.