Dzina likasowa pa mndandanda wa feteleza, musakaswe mphanje m'nkhalango

Kuyambira 2005, pomwe boma la Bingu wa Mutharika lidayambitsa makuponi, mabanja ambiri adazolowera kulima akudalira matumba awiri a feteleza otsika mtengo, lina la wokulitsa, lina la wobereketsa. Mu 2020 ndondomekoyi idatchedwa AIP, ndipo chaka choyambacho mabanja oposa 3 miliyoni ankagula thumba pa K4,495. Pofika 2022 thumba lidafika pa K15,000, ndipo mu nyengo ya 2023/24 opindula adatsala pafupifupi 1.5 miliyoni. Kwacha nayo idagwa mphamvu mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Poti feteleza timachita kuitanitsa kunja, wa m'sitolo adakwera mpaka ambiri kumulephera.

Kwa inu amene minda yanu idachita malire ndi Dzalanyama, Thuma, Chimaliro, Zomba-Malosa, kapena malo osungirako nyama a Kasungu ndi Nkhotakota, yesero limakhala pakhomo penipeni. Munda wakale waguga, feteleza palibe, pomwe tsidya la malire dothi likuoneka lakuda bii. Ena amaswa mphanje, ena amaotcha makala kuti apeze ya thumba limodzi.

Mphanje ya m'nkhalango imanyenga. Nkhalango zathu zambiri ndi za mitengo ya tsamba ndi mombo, yomwe imamera pa dothi losauka. Chonde chomwe mumachionacho chili m'masamba owola a pamwamba ndi m'phulusa la mitengo yomwe mwaotcha. Chimanga chimakondwa chaka choyamba ndi chachiwiri, pofika chachitatu chayamba chikasu, kaufiti walowa, ndipo ngati pali potsetsereka mvula yakokolola dothi lapamwamba lonse. Zikatero munthu amasunthiranso m'kati. Mtsinje wa Lilongwe, womwe umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, umachokera m'Dzalanyama, ndipo madimba a m'munsi mwake amadalira madzi omwewo. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kulima m'nkhalango yotetezedwa komanso kuotcha makala popanda chilolezo. Mbewu zolimidwa m'menemo zitha kuthyoledwa zisanache, mwini wake n'kukaonekera kukhoti.

Langizo lathu loyamba limawawa kulimva: chepetsani munda wa chimanga. Pa hekitala imodzi pamafunika matumba awiri a NPK (wokulitsa) ndi atatu a urea (wobereketsa). Kumwaza thumba limodzi pa hekitala yonse n'kutaya ndalama, chifukwa phesi lililonse limangolawa. Ngati mwakwanitsa makilogalamu 25 a NPK ndi pafupifupi 40 a urea, yezani malo a mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi pomwe pali dothi labwinoko, ndipo feteleza yense apite pamenepo. Mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi pa phando. Pamalo otere pamakwana mapesi oposa 13,000. Phesi lililonse likabereka chisononkho chotulutsa magalamu 75 okha a njere, ndiye kuti matumba pafupifupi 20 a makilogalamu 50.

Wokulitsa athiridwe chimanga chikangomera, sabata isanathe, magalamu awiri pa phando. Wobereketsa abwere patatha masabata atatu kapena anayi, magalamu atatu. Kumbani kadzenje masentimita 5 mpaka 10 kuchokera pa phesi, thirani, kwirirani. Urea wosiyidwa pamtunda amauluka ndi dzuwa, wogunda phesi amaliwaula. Ndipo palirani musanathire, apo ayi mwadyetsa udzu.

Za manyowa a Mbeya ambiri mudazimva, koma pali zolakwika zomwe zimabwerezedwa chaka ndi chaka. Miyezo imasiyana pang'ono dera ndi dera. Wodziwika ndi uwu: makilogalamu 20 a gaga, 10 a ndowe zouma zosinja, 10 a phulusa losefa, 10 a feteleza, ndi malita 5 a madzi. Ndowe za nkhuku, nkhumba kapena mbuzi zimaposa za ng'ombe. Phulusa likhale la kukhitchini, lozizira, osati lochita kugwetsera mtengo. Sakanizani zouma poyamba pa simenti kapena pa lona, kenako wazani madzi pang'onopang'ono. Mukafinya m'dzanja ziumbike koma madzi asadonthe. Zikanyowetsa zimaola n'kuchita nkhungu yakuda, zikaumitsa sizipsa. Longezani m'thumba lomwe m'kati mwake muli pulasitiki yosabooka, tsindirani kuti mpweya utuluke, mangani zolimba, ndipo likhale pamthunzi, pamwamba pa njerwa kapena mitengo, masiku 21. Pa pulasitikipo ndi pomwe ambiri amagwera. Phulusa likakumana ndi urea limatulutsa mpweya wa ammonia, womwe ndi chakudya chenicheni cha chimanga, ndipo thumba likabooka umathawa. Potsegula yang'anani kumbali chifukwa umatsamwitsa. Yanikani pamthunzi pang'ono, osati padzuwa. Pangani thumba la NPK palokha lokulitsira, la urea palokha lobereketsera.

Pali mawu akuti thumba limodzi la feteleza limasanduka matumba asanu. Kulemera kwake n'zoona, koma mphamvu sichulukitsidwa kasanu. Gaga, ndowe ndi phulusa zimaonjezerako zake, zimathandizanso dothi kusunga chinyezi, koma feteleza ndi gawo limodzi chabe mwa magawo asanu. Amene amathira Mbeya ndi muyezo wofanana ndi wa feteleza wa m'sitolo amadzadandaula kuti sagwira. Thirani magalamu 10 kapena kuposerapo pa phando.

Malo otsala asagonere, ndipo musabzalepo chimanga chosathira. Bzalanipo mtedza, soya kapena nandolo, mbewu zomwe zimadzipangira chakudya kudzera m'timatuza ta ku mizu. Mtedza ndi nandolo zimagwirizana m'munda umodzi: nandolo amakula mochedwa, mtedza ukakololedwa iye ndi pomwe amatambasula, ndipo masamba omwe amayoyola ndiwo chonde cha chaka chamawa. Soya musakanize ndi inokyulanti (tizilombo tothandiza mizu kupanga timatuza tija) pamthunzi tsiku lobzala lomwelo. Chaka chotsatira chimanga chibwere pomwe padali mbewuzi. Masangwi ndi mapesi musaotche posakira mbewa, akwirireni m'mizere. Komwe kuli kotsetsereka ikani akalozera, bzalanipo vetiva, ndipo m'makwawa mwa mizere muike ngonyeka kuti madzi alowe pansi.

Mitengo ya chonde imafuna kuleza mtima. Gliricidia amabzalidwa m'khwawa, kudumpha khwawa limodzi, ndiye kuti mita imodzi ndi theka pakati pa mizere ya mitengo, ndi masentimita 90 mtengo ndi mtengo. Akatha chaka mudule pa msinkhu wa masentimita 30. Mphukira zake muzisadza pokonza munda, ndiponso kawiri m'dzinja, masamba n'kuwakwirira akadali aawisi. Mukazengereza kusadza amatchinga chimanga. Phindu limayamba kuoneka chaka chachiwiri kapena chachitatu, ndipo timitengo totsala ndi nkhuni zomwe amayi akadakazitola m'nkhalango. Msangu ubzalidwe motalikirana mamita 10. Umayoyola masamba m'dzinja, choncho sulimbana ndi chimanga, koma umatenga zaka zambiri. Mbande zake zisakhalitse m'machubu chifukwa muzu wake wapakati umatalika msanga, ukapindika mtengo umapinimbira. Ngati m'munda muli kale zitsa zophukira, siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo muchotse.

Nkhalango ingathe kukupatsani ndalama ya feteleza popanda nkhwangwa. Kudzera m'komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, gulu litha kupempha kwa alangizi a zankhalango kapena akuluakulu a paki chilolezo chopachika ming'oma ya njuchi kapena kuzula bowa m'malo omwe agwirizana. Chilolezocho chikhale cholembedwa, chotchula malo ndi mayina a mamembala. Pofula uchi gwiritsani ntchito chofukizira utsi m'malo mwa muuni wa udzu, ndipo lambulani mozungulira mitengo ya ming'oma udzu usanaumitsitse, mwezi wa Meyi kapena Juni, moto wolusa usanayambe.