Zithunzi za mu holo zina kiliya zina mbuu? Fufuzani motere

Mwajambula mwambo tsiku lonse, pa kasikirini ka kamera zonse zimaoneka bho, kufika kunyumba kuziika pa kompyuta mutu waima, china chili kiliya chotsatira chake mbuu koma munajambula malo amodzimodzi. Musathamangire kunena kuti lenzi yatha.

Choyamba sankhani zithunzi khumi zoipazo muzikulitse mpaka 100%. Ngati chilichonse, khoma ndi mipando yomwe, chakokekera mbali imodzi ngati wina wapaka ndi chala, anagwedezeka ndi manja anu. Ngati khoma lili bwinobwino koma dzanja kapena mutu wa munthu wachita kuwirikiza ngati mzukwa, munthuyo amasuntha. Koma nkhope ikangofewa yonse popanda mizere, pomwe maluwa a kumbuyo kwake akuoneka tsamba lililonse, apo fokasi inaphonya. Matenda atatu osiyana awa, mankhwala akenso ndi osiyana.

Kenako onani shutter speed (nthawi yomwe kamera imatsegula kuti kuwala kulowe) ya chithunzi chilichonse mu EXIF, zambiri zomwe kamera imasunga mu fayilo ya chithunzi, ndipo nthawi zambiri wakuba amapezeka pompano. Mukaika kamera pa Av kapena A, pomwe inu mumangosankha aperture (kukula kwa bowo la lenzi lolowera kuwala), imasankha yokha shutter, ndiye pafupi ndi windo ikupatsani 1/250, mwangotembenukira kukona kwa mdima yatsika mpaka 1/30 inu osadziwa chifukwa maso ali pa anthu. N'chifukwa chake zina zikutuluka zina ayi. Pitani pa M (manual) mutsegule Auto ISO kuti kamera izikweza yokha mphamvu yolandirira kuwala, shutter muigwire nokha. Munthu wongoima akulankhula 1/125 imakwana, oyenda 1/250, ovina 1/500 ngati kuwala kukulola. Mukazuma kufika 200mm musatsike pansi pa 1/200. Ndipo IS ya Canon, VR ya Nikon, OSS ya Sony, zonsezi ndi zochepetsa kugwedezeka, zimangothandiza manja anu, sizingaimitse mwana amene akuthamanga.

ISO idzakwera, 3200 mwina 6400, musaope. Timadontho tobwera ndi ISO yokwera timachepetsedwa mu pulogalamu ya Lightroom koma nkhope yokokeka ndiye yapita basi.

Tsopano fokasi. One Shot kapena AF-S imaloka fokasi pamene mwadina theka batani lojambulira, ndiye ngati munthu akubwera chakwanu, pomwe mukumaliza kudina iye wadutsa kale pomwe panalokedwapo. Sinthani muike AI Servo kapena AF-C yomwe imatsatira munthu akamasuntha, point imodzi yokha pa diso, osasiyira kamera kuti isankhe chifukwa imakonda chomwe chili pafupi, maiki kapena phewa la wina. A makamera a mirrorless yatsani Eye AF, yomwe imafunafuna yokha diso. Mukamva lenzi ikupita uku ndi uku osagwira mu mdima, ilozetseni pomwe choyera chakumana ndi chakuda, monga kolala ya shati ndi jekete.

Aperture yotsegula kwambiri ija ya f/1.8 tonse timaikonda koma ndi yachinyengo. Lenzi ya 85mm pa kamera ya full frame (ya sensa yaikulu), munthu ali mamita awiri, malo okhala kiliya ndi masentimita pafupifupi 6 okha, akangoweramira kutsogolo diso latuluka, mwagwira khutu. Anthu akaima mizere iwiri pitani f/4 kapena f/5.6.

Ngati mukugwiritsa fulashi koma mizukwa ikuonekabe, ndiye kuti shutter yatsika kwambiri ndipo magetsi a mu holo akujambulanso chithunzi chawo pamwamba. Ikwezeni, makamera ambiri amalola mpaka 1/200 kapena 1/250.

Zonsezi mwapanga koma fokasi ikugwerabe kumbuyo nthawi zonse pa lenzi imodzi yomweyo? Apa mpamene mungaikayikire. Pukutani galasi kaye, ikani kamera pa tripod, tsamiritsani rula chopendekera, fokasani pa nambala imodzi ndi aperture yotsegula yonse, jambulani kasanu. Ikamagwira nambala ina kasanu konse, ma DSLR ambiri ali ndi pokonzera mu menyu, Canon amati AF Microadjustment, Nikon AF Fine-Tune. Sunthani pang'onopang'ono mukujambulanso mpaka igwere pa nambala yomwe mwaloza.