Momwe mungatsatirire okushoni ya galimoto yakale yampikisano ya ku America

Pa dziko lonse lapansi pali magalimoto 6 okha enieni a mtundu wa Shelby Daytona Coupe, omwe anapangidwa mu 1964 ndi 1965, ndipo imodzi ikangomveka kuti ikupita pa okushoni, okonda magalimoto akale m'maiko onse amatchera khutu. Carroll Shelby anapanga galimotoyi pofuna kugonjetsa Ferrari pa mipikisano ya ku Ulaya. Peter Brock ndiye anajambula bodi yake, ndipo mkati anaikamo injini ya Ford V8 ya malita 4.7. Mu 1964 Dan Gurney ndi Bob Bondurant anapambana nayo m'gulu la GT pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans m'dziko la France, ndipo chaka chotsatira Shelby anakhala wopanga magalimoto woyamba wa ku America kutenga ukatswiri wa dziko lonse m'gululi, womwe umaperekedwa ndi FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto. Ndigwiritsa ntchito galimoto imeneyi pofotokoza momwe okushoni yotere imayendera, kaya mukufuna kungoitsatira ndi maso ozindikira, kaya mukuimira munthu amene ali ndi ndalama zogulira.

Choyamba, yambani ndi nambala ya chasisi, ndipo musafulumire kuchokapo pa mfundo imeneyi, chifukwa ndalama zonse zagona pomwepa. Wogula galimoto yotereyi sagula liwiro, popeza magalimoto ambiri amakono angaisiye kutali. Amagula mbiri ya chitsulo chimodzi chodziwika, chomwe chinathamanga pa tsiku lodziwika, woyendetsa wake ali wodziwikanso. Magalimoto a Shelby a mtundu wa Cobra ndi Daytona amadziwika ndi nambala zoyamba ndi zilembo CSX. Daytona yoyamba, CSX2287, inapangidwira ku Venice m'boma la California, pomwe zisanu zinazo anakaziveka bodi ku Modena m'dziko la Italy. CSX2287 tsopano ili m'nyumba yosungiramo magalimoto ya Simeone ku Philadelphia, choncho wina akakuuzani kuti akuigulitsa mwakachetechete, mwadziwiratu kuti akunama. Bungwe la Shelby American Automobile Club limasunga kaundula wa nambala zimenezi pamodzi ndi mbiri ya eni ake a galimoto iliyonse. Tengani nambala yomwe yalembedwa m'buku la okushoni ndi kuiyerekeza ndi kaundulayo, mzere ndi mzere.

Chenjezo pano ndi lakuti alipo magalimoto ambiri ofanana ndi Daytona omwe anapangidwa zaka zaposachedwa, ndipo si onse omwe ndi achinyengo. Ena amapangidwa poyera komanso movomerezeka. Ambiri mwa omwe amagulitsidwa m'dzina la Superformance amapangidwira ku South Africa, m'fakitale ya Hi-Tech Automotive ku Gqeberha, mzinda womwe kale unkatchedwa Port Elizabeth. Ndi magalimoto abwino ndithu ndipo ine ndimawalemekeza, koma mtengo wake ndi kachigawo kochepa chabe ka mtengo wa yeniyeni ya 1965. Mukaona Daytona pa mtengo womwe ukuoneka wofikirika, pafupifupi nthawi zonse ndi ya m'gulu limeneli.

Chachiwiri, werengani mbiri ya galimotoyo ngati mmene mkulu woweruza mlandu wa malo amamvera mboni. Kampani za okushoni monga RM Sotheby's, Mecum, Bonhams ndi Gooding zimatulutsa buku lofotokoza galimoto iliyonse milungu ingapo tsiku lisanafike, ndipo limapezeka pa intaneti kwaulere. Kumbukirani kuti analemba bukulo ndi ogulitsa. Fufuzani zaka zomwe sizikutchulidwa: ngati mbiri ikulumpha kuchokera mu 1967 kufika mu 1985 popanda kunena komwe galimoto inali, funsani. Magalimoto ampikisano ankachita ngozi kawirikawiri, ena ankapsa, ndipo makaniko ankasintha injini, giyabokosi ndi mbali za bodi pakati pa mpikisano wina ndi wina, osaganizira kuti tsiku lina anthu adzalimbirana zitsulo zimenezo. Motero kupeza injini yosinthidwa si chodabwitsa, ndipo sikuchotsa ulemu wa galimotoyo. Choopsa ndi chasisi yomwe inamangidwanso kuchokera ku zotsalira zochepa za pangozi, chifukwa zachitikapo kuti magalimoto awiri akale ampikisano apezeka akunena nambala imodzi, aliyense mwa eni ake atagwira chidutswa cha galimoto yoyambayo. Zithunzi zakale za pa bwalo la mpikisano, malisiti a ku galaja ndi makalata ogulitsirana ndizo mboni zodalirika koposa mawu okometsera a m'buku.

Mudzaonanso chikalata chotchedwa Historic Technical Passport, chomwe chimaperekedwa motsatira malamulo a FIA. Anthu ambiri amalakwitsa pochiwerenga. Chikalatachi chimangotsimikiza kuti galimoto ikufanana ndi momwe mtundu wake unalili pa nthawiyo, kotero ingaloledwe pa mipikisano ya magalimoto akale. Sichichitira umboni kuti galimotoyo ndi yomwe inathamangadi mu 1965.

Chachitatu, tumizani katswiri wodziimira payekha kuti akaione. Masiku angapo okushoni isanayambe magalimoto amaikidwa poyera, ndipo woyendera amaloledwa kusuzumira pansi, kuona momwe nambala zinadindidwira pa chitsulo, kuyang'ana mowotcherera, ndi kupempha faelo yonse ya mapepala. Malonda a pa okushoni sabwezedwa chifukwa chakuti mwapeza vuto pambuyo pake, choncho ndalama yolipira katswiri ndi yaing'ono poyerekeza ndi zomwe mungataye.

Chachinayi, lembetsani ngati wopikisana nawo pa mtengo. Kampani imafuna chiphaso chanu ndi kalata ya ku banki yotsimikiza kuti ndalama zilipo, ndipo pa galimoto ya mamiliyoni a madola amafufuza mozama, kotero musadikire sabata yomaliza. Mungathe kukhala m'holo momwemo, kupikisana pa foni kudzera mwa wogwira ntchito wa kampaniyo, kugwiritsa ntchito intaneti, kapena kusiyiratu mtengo wanu wotsiriza m'manja mwawo. Ongofuna kuonerera safunika kulembetsa, chifukwa okushoni zikuluzikulu zimaulutsidwa pa intaneti. Zotchuka kwambiri zimachitika mu Ogasiti ku Monterey m'boma la California, ndipo nthawi ya kumeneko mwezi umenewo imatsalira ndi maola 9 poyerekeza ndi ya ku Malawi ndi ku Zambia. Okushoni yoyamba 5 koloko madzulo kumeneko ndiye kuti kuno ndi 2 koloko usiku, ndipo magalimoto amtengo wapatali nthawi zambiri sakhala oyambirira kulowa.

Chachisanu, mvetsani mawu atatu a ndalama. Pali mtengo woyerekeza womwe kampani imalemba m'buku, ndipo umenewu ndi maganizo chabe. Pali reserve, womwe ndi mtengo wachinsinsi womwe mwini galimoto sangalole kutsika pansi pake. Amene anaperekezapo mabelo a fodya ku okushoni ya ku Kanengo kapena ku Limbe akudziwa kuti katundu angathe kufika pamsika koma osagulidwa, ndipo kunonso zimachitika. Daytona ya nambala CSX2601, yomwe Bob Bondurant anayendetsa ku Reims m'dziko la France pa 4 Julayi 1965 potsimikiza ukatswiri wa chaka chimenecho, inalephera kugulidwa pa okushoni ya Mecum ku Indianapolis mu Meyi 2009 chifukwa mtengo sunafike pomwe mwini wake ankafuna. Patangopita miyezi itatu, kampani yomweyo inaigulitsa ku Monterey pa madola 7.25 miliyoni. Galimoto inali yomweyo. Chinasintha ndi anthu omwe anali m'holo.

Mawu achitatu ndi ndalama yowonjezera yomwe wogula amalipira kampani pamwamba pa mtengo womwe nyundo yagwera, kutanthauza mtengo womwe wotsogolera okushoni wamenyera nyundo potseka malonda. Pa okushoni zake za ku America, RM Sotheby's yakhala ikutenga 12 peresenti pa madola 250,000 oyamba ndi 10 peresenti pa otsalawo. Ngati nyundo yagwa pa madola 5 miliyoni, ndiye kuti muwonjezerapo madola 505,000, msonkho ndi mayendedwe tisanawerengere. Mitengo yomwe manyuzipepala amalemba nthawi zambiri imakhala itaphatikiza kale ndalama imeneyi. Mwachitsanzo, Cobra yoyamba ya Shelby, CSX2000, yomwe inalengezedwa kuti yagulidwa pa madola 13.75 miliyoni ku Monterey mu 2016, nyundo yake inagwa pa madola 12.5 miliyoni. Werengani malamulo a okushoni yomwe mukutsatirayo, popeza maperesenti amasiyana malinga ndi kampani ndi dziko, kenako lembani papepala mtengo wanu womalizira kutacha, mutu uli wozizira, chifukwa galimoto ikalowa m'holo injini ikubangula, malonda onse amatha m'mphindi zochepa.

Chomaliza ndi cha pambuyo pa nyundo. Malipiro amafunika m'masiku ochepa kudzera ku banki, ndipo inshuwalansi iyenera kukhala yokonzeka kale chifukwa udindo wa galimoto umasamukira kwa wogula mwamsanga. Magalimoto ambiri ampikisano sanalembetsedweko kuti aziyenda pamsewu, motero alibe chikalata chonga bulu buku yomwe tinazolowera kuno. Amabwera ndi kalata yogulitsirana basi, ndipo izi muyenera kuzidziwa musanaganize zoitulutsa m'dziko la America. Eni ake ambiri amaisunga kufupi ndi komwe kuli makaniko oidziwa komanso mabwalo omwe ingathamangenso, monga Laguna Seca ku California, Goodwood ku England ndi Le Mans ku France. Musanachoke, onetsetsani kuti mwalandira faelo yonse ya mapepala, zithunzi ndi zipangizo zakale zomwe zinachotsedwapo pokonza, ngakhale zikhale zadzimbiri, kenako dziwitsani osunga kaundula kuti alembe dzina lanu pansi pa nambala ya chasisiyo.