Wotchi inkandidyera magemu a blitz

Ndimakonda mipikisano ya blitz (chess yothamanga) pa Lichess, tsamba losewerera chess pa intaneti, ya mphindi 3 wosewera aliyense, yomwe aliyense amalowa, ngakhale ma grandmaster, akatswiri apamwamba a chess. Koma kuno ku Chinamwali ndikasuntha hachi, wotchi yanga inkangopitabe masekondi angapo. Gemu yowina kale n'kuluza chifukwa cha nthawi, mtima kuwawa!

Ndinagula bandulo ina, ndinazimitsa foni n'kuyatsanso, osathandiza.

Kenako ndinaona kuti foni imadumphadumpha pakati pa 3G ndi 4G gemu ili mkati. Apa ndiye panali vuto. Ndinalowa mu settings n'kuikhazika pa 4G yokha. Ndinaletsanso WhatsApp kukopera yokha mavidiyo a m'magulu, n'kumakhala pakhonde pomwe netiweki imakoka bwino. Masekondi akatsala ochepa ndimasunthiratu ndi premove, kutanthauza kusuntha mnzanga asanasewere. Pa njira zimenezi sindinalipire ngakhale tambala.