Momwe mungadziwire nthawi yochotsa woponya woyamba pa masewero a baseball

Mphunzitsi wa baseball sathamanga, samenya, saponya. Koma pali kaulendo kamodzi kamene amayenda yekha bwalo lonse likumuyang'ana. Amatuluka pomwe pamakhala osewera, kuyenda mwachifatse mpaka pa kachulu kapakati pabwalo, n'kutambasula dzanja. Woponya akangoika mpira m'dzanjamo, zake zathera pomwepo, chifukwa malamulo salola kuti munthu wochotsedwa abwererenso m'masewero amenewo. Kaulendo kameneka kadachotsetsapo anthu ntchito.

Kwa inu amene mudazolowera mpira wamiyendo, mfundo zofunika n'zochepa. Masewero amakhala ndi magawo 9 otchedwa inning. M'gawo lililonse timu imodzi imaponya ina ikumenya mpaka omenya atatu atatulutsidwa, kenako zimasinthana. Omenya alipo 9 ndipo amabwera pamzere wosasintha, ukatha n'kuyambiranso. Chigoli amati run, ndipo chimalowa womenya akadutsa pa malo atatu oimapo otchedwa base n'kubwerera pomwe adamenyera. Woponya amene wayamba masewero ndi starter, olowa m'malo mwake ndi ma reliever, ndipo iwowa amadikira pamalo otchedwa bullpen, nthawi zambiri kuseri kwa mpanda. Funso ndi lakuti starter mumuchotse liti.

Yambani kuwerenga masewero asanayambe

Mu Major League Baseball ku America, timu imasewera kokwana 162 pachaka, pafupifupi tsiku ndi tsiku. Pa osewera 26, oponya saloledwa kupitirira 13. Asanu amasinthana poyamba masewero, ena 8 ndiwo a ku bullpen. Choncho musanafike n'komwe pabwalo, dziwani amene adaponya dzulo, amene adaponya dzana, ndi amene mkono wake wapuma. Munthu amene waponya masiku awiri otsatizana musamuwerengere. Ngati dzulo masewero adatalika n'kukudyerani oponya asanu, lero starter wanu apirire ngakhale akumenyedwa, chifukwa mawa kulinso masewero. Pa World Series, masewero olimbirana chikho kumapeto kwa chaka, ndi pena, kumeneko palibe chosungira mawa.

Werengani mipira, koma musapembedze nambala 100

Mpira uliwonse umene starter waponya umawerengedwa, ndipo akamayandikira 100 aliyense pabwalo amayamba kuyang'ana ku bullpen. Nambalayi si lamulo, ndi chizolowezi chabe. Mipira 90 yogawika bwinobwino m'magawo 7 si yofanana ndi 90 yoponyedwa m'magawo anayi, anthu ali mbwee pa ma base. Gawo limodzi la mipira 30 limalemetsa mkono kuposa magawo awiri a mipira 15, popeza munthu sapeza mpata wokhala pansi.

Nambala yoyenera imadaliranso thupi la munthuyo ndi nyengo ya chaka. Pa 13 April 2022, Clayton Kershaw wa Los Angeles Dodgers adaponya magawo 7 osalola ngakhale mmodzi wa Minnesota Twins kufika pa base, ndipo 13 adawatulutsa ndi ma strike (strike ndi mpira umene womenya wauphonya kapena wabwino umene wausiya, ndipo ikakwana itatu watuluka). Mipira inali 80 yokha. Mphunzitsi wake, a Dave Roberts, adamuchotsabe. Anthu adanyoza kwambiri, poti masewero otere, opanda wofika pa base mpaka kumapeto, ndi osowa zedi. Koma aka kanali koyamba Kershaw kuponya chaka chimenecho, zokonzekera zidafupika chifukwa cha mkangano wa eni matimu ndi osewera, komanso chaka cham'mbuyo mkono udamuvuta. Pamenepa ine ndili kumbali ya a Roberts. Mtsempha wa m'chigongono ukaduka, opaleshoni yake, imene imadziwika ndi dzina la Tommy John amene adayamba kuchitidwa mu 1974, imakhazika munthu pansi chaka chathunthu kapena kuposerapo.

Ngati mumaphunzitsa ana, apa palibe zokambirana. Little League, bungwe la baseball ya ana, imalola mwana wa zaka 11 kapena 12 kuponya mipira 85 patsiku basi.

Onani kuti omenya amuona kangati

Womenya akakumana ndi woponya koyamba amakhala akufufuza. Kachiwiri waona kale mmene mpira ukuchokera m'dzanja. Kachitatu wadziwa liwiro, wadziwa mmene mpira wokhota ukugwera, ndipo woponyayo watopako. Owerengera ziwerengero adapeza kalekale kuti oponya ambiri amamenyedwa kwambiri pa ulendo wachitatuwu. Choipa n'chakuti ulendowu umayamba ndi omenya aluso kwambiri, chifukwa ndi amene amaikidwa pamwamba pa mzere. Womenya wa nambala 19 akamabwera, dziwani kuti mwalowa m'dera loopsa, kaya starter wanu akuoneka bwino chotani.

Gwiritsani ntchito maso, ndipo funsani wowakha

Kutopa kumaoneka. Woponya amene amafika makilomita 153 pa ola akayamba kukakamira pa 148, china chake chachoka. Koma chizindikiro chimene chimabwera msanga ndi kuphonya malo. Yang'anani gulovu ya wowakha, uja amanjuta kumbuyo kwa womenya. Akaiika pansi chakunja koma mpira n'kubwera m'mwamba chapakati, kawiri katatu, miyendo ya woponya yayamba kufooka. Chigongono chimatsika, amachedwa kubwerera pa kachulu, amapukuta thukuta kawirikawiri. Musanamizidwenso ndi omenya amene atulutsidwa mwamwayi. Mipira itatu yomenyedwa mwamphamvu n'kuwakhidwa pafupi ndi mpanda imalembedwa ngati gawo loyera, pomwe ndi chenjezo.

Gawo likatha, funsani wowakha mwakachetechete, chifukwa dzanja lake ndi limene limamva ngati mpira ukadali ndi ukali. Woponya mwini wake musamufunse ngati watopa. Adzakana.

Umu ndi mmene zidawachitikira a Terry Collins, mphunzitsi wa New York Mets, pa 1 November 2015, masewero achisanu a World Series. Matt Harvey adaponya magawo 8 osagoletsa, Mets ikutsogola 2-0 pa Kansas City Royals. Atauzidwa kuti wamaliza, adapita kwa a Collins n'kukana kwamtuwagalu, uku bwalo la Citi Field likuimba dzina lake. A Collins adagonja. M'gawo la 9 Harvey adapereka kwa Lorenzo Cain base yaulere (imene womenya amapatsidwa woponya akaphonya malo kanayi), Eric Hosmer n'kumenya mpira umene udalowetsa Cain. Pomwe Jeurys Familia amalowa n'kuti moto utayaka kale. Royals idafananitsa zigoli, n'kupambana 7-2 m'gawo la 12 ndi kutenga chikho usiku womwewo. Taonani kuti panali mipata iwiri. Ngakhale atamulola kuyamba gawolo, base yaulere ija inali nthawi yokatenga mpira.

Imbani foni ya ku bullpen zisanavute

Reliever salowa ali wozizira. Amafunika mphindi zingapo zotenthetsa mkono, ndiye mukadikira kuti anthu awiri afike pa base musanaimbe foni, mwachedwa ndi omenya awiri. Komanso musamuimike ndi kumukhazika kangapo osamulowetsa, chifukwa mipira ya ku bullpen nayonso imatopetsa.

Malamulo awiri muwasunge m'mutu. Kuyambira 2020, woponya amene walowa ayenera kukumana ndi omenya osachepera atatu kapena kumaliza gawolo. Kale mphunzitsi ankatha kulowetsa wamanzere kuti athane ndi womenya wamanzere mmodzi yekha n'kumuchotsa. Lero muyenera kuyang'ana atatu onse amene akubwera. Lachiwiri, mukapita pa kachulu kawiri m'gawo limodzi kwa woponya yemweyo, ulendo wachiwiriwo ayenera kutuluka. Aphunzitsi ochenjera amagwiritsa ntchito ulendo woyamba pongotaya nthawi kuti wa ku bullpen atenthe.

Ngati n'kotheka, mpatseni reliever gawo loyera, lopanda munthu pa base.

Dzifunseni funso loyenera

Apa ndiye pagona nkhani. Funso si lakuti starter waponya bwino kapena ayi. Zimenezo zapita. Funso ndi ili: pa omenya atatu amene akubwerawa, woposa mnzake ndani, starter mmene alili panopa kapena reliever amene ndili naye lero mmene alili panopa? Aphunzitsi awiri adalakwa funso limeneli, wina mbali iyi, wina mbali inayo.

Pa 16 October 2003 ku Yankee Stadium, Boston Red Sox inali kutsogola 5-2 pa New York Yankees m'gawo la 8, masewero omaliza olimbirana kupita ku World Series. Pedro Martínez wa Red Sox, mmodzi mwa oponya oopsa kwambiri m'mbiri ya masewerowa, anali atafika kale pa mipira pafupifupi 100, ndipo m'gawo la 7 adaoneka kuti akuvutika. Ku bullpen kunali Alan Embree ndi Mike Timlin, amene mwezi umenewo ankaponya mokoma. Derek Jeter adamenya, Bernie Williams adamenyanso, zigoli n'kukhala 5-3. A Grady Little, mphunzitsi wa Red Sox, adatuluka, ndipo aliyense adadziwa kuti akukatenga mpira. Adayankhula naye pang'ono, n'kubwerera chimanjamanja. Hideki Matsui adamenya, Jorge Posada n'kugwetsa kampira kofooka pakati pa osewera, 5-5. Martínez adatuluka ataponya 123. M'gawo la 11 Aaron Boone adaumenyera kunja kwa mpanda, Yankees n'kupambana, ndipo patangopita masiku ochepa a Little ntchito idawathera. Iwo adayang'ana dzina la munthu, osati mkono umene unali patsogolo pawo.

Patapita zaka 17, a Kevin Cash a Tampa Bay Rays adachita zosiyana. Pa 27 October 2020 ku Arlington, Texas, masewero achisanu ndi chimodzi a World Series, Blake Snell anali atatulutsa anthu 9 ndi ma strike, Rays ikutsogola 1-0. Omenya atatu apamwamba a Dodgers, Mookie Betts, Corey Seager ndi Justin Turner, aliyense adamutulutsa kawiri osakhudza kanthu. M'gawo la 6 Austin Barnes adamenya kofika pa base yoyamba, Betts akubwera kachitatu. Mipira inali 73 yokha. A Cash adatuluka n'kukatenga mpira, Snell akutukwana chapansipansi. Nick Anderson adalowa, Betts adamenya, mpira wina udapulumuka wowakha, ndipo posakhalitsa Dodgers inali patsogolo 2-1. Idapambana 3-1 n'kutenga chikho chake choyamba chichokere 1988.

Ambiri amati cholakwa cha a Cash chinali kumvera kompyuta. Ine ndimaona kuti cholakwa chachikulu chinali munthu amene adamulowetsa. Mantha a ulendo wachitatu ali ndi maziko, ndipo njira imeneyi ndi imene idafikitsa Rays, timu yosauka poyerekeza ndi anzake, pa World Series. Koma Anderson, amene adawala m'kati mwa chaka, anali atagoletsa m'masewero angapo otsatizana mwezi umenewo, mkono utatheratu. A Cash adayeza Snell ndi Anderson wa mu August, pomwe amene adatsegula chitseko cha bullpen anali Anderson wa kumapeto kwa October. Pepala la ziwerengero lidanena zoona za starter koma silidafunsidwe za wolowayo.

Kusiyana kwa zigoli nakonso kumasintha yankho. Mukutsogola 7-1, musiyeni starter adzipulumutse yekha, olimba a ku bullpen apume. Pa 1-0, cholakwa chimodzi chikukwanira. Ndipo musamusunge munthu pofuna kuti akwanitse magawo asanu amene malamulo amafuna kuti chipambano chilembedwe m'dzina lake. Zimenezo n'zokomera iye, timu ingaluze nazo.

Mukaganiza, pitani

Musaime pakhomo mwendo umodzi kunja wina m'kati. Tulukani, ndipo muli m'njira kwezani dzanja kwa woimbira: lamanzere ngati mukufuna wamanzere, lamanja ngati mukufuna wamanja. Mukatero nkhani yatsekeka musanafike pa kachulu, ndipo woponya alibenso mpata wokunyengererani monga adachitira Harvey. Landirani mpira, mugwireni paphewa, mawu awiri okha. Zofotokozera zidikire m'chipinda chosinthira zovala, kutali ndi makamera.

Wolowayo akafika, mpatseni mpira m'manja, muuzeni kuti atuluka angati ndi amene ali pa base, makamaka ngati pali wothamanga woti angabe base. Kenako bwererani pampando, tengani pensulo, mulembe mipira imene starter waponya ndi dzina la reliever amene mwamugwiritsa ntchito, chifukwa mawa masana mudzayambira pa pepala lomwelo.